Bwanji mnyamata wofatsa saphula kanthu mu manga?

Ngati mumawerenga manga pafoni, nkhani iyi mukuidziwa: mtsikana mmodzi wa kusekondale, anyamata awiri, wina wofatsa, wina wamwano. Tangoganizani amene amatenga mtsikanayo.

Mu Hana Yori Dango ya Yoko Kamio, yomwe idayamba kutuluka mu 1992, Tsukasa amayamba ndi kuzunza Tsukushi, mpaka kutuma sukulu yonse kuti imuvutitse. Komabe mapeto ake mtsikanayo ndi wake. Rui, yemwe adamuteteza, amatsala manja ali m'khosi. Mu Ao Haru Ride ndi chimodzimodzi: Touma amamukonda Futaba poyera, koma mtima wa Futaba umabwerera kwa Kou, uja wosalankhula zomveka.

Chifukwa china n'cha malonda. Nkhanizi zimatuluka chigawochigawo m'magazini ngati Margaret, ndiye awiriwo akagwirizana msanga, nkhani yatha. Mnyamata wovuta ndiye amaitalikitsa.

Chomwe chikundivuta ine n'chakuti Japan weniweniyo akusintha. Mu 2023 dzikolo lidakweza msinkhu wovomerezeka wogonana kuchoka pa zaka 13 kufika 16, ndipo lamulo tsopano likutchula poyera mlandu wogonana popanda chilolezo. Koma kabe-don, kuja mnyamata amatsekereza mtsikana pakhoma ndi mkono, amakujambulabe ngati chikondi chotsekemera. Aaa, chikondi chanji chomutchingira mnzako njira?

Ndipo zoti wofatsa sagulitsa ine sindizikhulupirira. Kazehaya wa mu Kimi ni Todoke samuopseza Sawako ngakhale kamodzi, koma nkhani yawo idafika mabuku 30.