Majenereta ndi mabatire osayenerana ndi zida akuika oyimba a ku Dedza pachiswe

Kuzimazima kwa magetsi kwachititsa kuti magulu oyimba komanso makwaya a m'mipingo m'boma la Dedza azidalira majenereta, mabatire ndi zipangizo za sola pofuna kuti zochitika zisaime. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti mphamvu zogwirizira zoterezi zikakhala zosayenerana ndi zida, zimawononga kuposa kuzima kwa magetsiko. Magetsi akazima nyimbo imangodukira panjira, koma akalowa olakwika chida chimapsa.

Gwero la vutoli ndi lodziwika. Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi atachepa m'nyanja ya Malawi m'zaka za 2016 ndi 2017 dziko lidakhala mumdima kwa maola ambiri patsiku, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawatt 130 pa mphamvu zomwe kampani ya EGENCO imagulitsa ku ESCOM. M'chaka chomwecho ku Golomoti, m'boma lomweli la Dedza, kudatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Komabe magetsi a ku Golomoti amalowa m'nthambo za dziko lonse, kotero kuti woyimba wa pa Dedza boma, Bembeke kapena Linthipe sangawerengere kuti kwake sazima.

Zida zomwe zimafulumira kuwonongeka ndi timakina tosintha kamvekedwe ka gitala, tomwe oyimba amatiponda ndi phazi ndipo amatitchula kuti ma pedal. Magetsi a ESCOM amafika pakhoma ali ma volt 230, pomwe timakina tambiri totere, monga ta kampani ya Boss, timafuna ma volt 9 okha, odzera mu adapter. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pulagi yozungulira ya ma pedal ambiri imakhala ndi negative pakati ndi positive kunja. Ma adapter opezeka mosavuta m'misika, monga a madikoda a kanema ndi timakina ta intaneti, ambiri ndi a ma volt 12 ndipo mbali ziwirizi adazitembenuza. Pulagi yake imatha kulowa bwinobwino pa bowo la pedal, zomwe zimanyenga munthu kuti wapeza yoyenera, koma akangoyatsa kamakinako kakhoza kupseratu. Palinso timakina tina, makamaka takale monga Line 6 DL4 yoyamba, tomwe timafuna ma volt 9 a mtundu wa AC osati DC, ndipo tina timafuna ma volt 12 kapena 18. Zonsezi zimalembedwa pafupi ndi bowo lolowetsera magetsi kapena kunsi kwa chidacho, ngakhale kuti pa zida zakaunjika zolembazo zimakhala zitafufutika.

Kuchuluka kwa mphamvu yomwe kamakina kamakoka ndi nkhani ina. Ma pedal osavuta okweza ukali wa gitala amakoka ma milliamp osapitirira 20, pomwe a digito amatha kukoka 300 kapena kuposera apo. Adapter yotha kupereka ma milliamp ochuluka kuposa ofunikira siwononga kanthu, chifukwa chida chimangotenga zomwe chikufuna. Yoperewera ndiyo imatentha, imachititsa phokoso, kapena kuzimitsa chida nyimbo ili mkati. Ma volt okha ndiwo ayenera kufanana ndendende. N'chifukwa chake chizolowezi cha m'madera akumidzi cholumikiza zida mwachindunji ku batire la galimoto chili choopsa kwa ma pedal: batire lodzaza limapitirira ma volt 12, ndipo likamatchajidwa ndi sola limafika cha m'ma 14.

Zida zogulidwa ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi a kuno kupatula maonekedwe a pulagi. Zochokera ku America zimabwera ndi ma adapter a ma volt 120 ndipo za ku Japan a ma volt 100. Pokhapokha adapter italembedwa kuti imalandira kuyambira 100 mpaka 240, kuilowetsa pakhoma kuno n'kuiotcha.

Kumbali ya majenereta, mapiri a Dedza ali ndi vuto lawolawo lomwe ogula ambiri saliwerengera. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini ya petulo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse okwera kaamba ka kupepuka kwa mpweya. Choncho jenereta yolembedwa ma watt 3,000 ikhoza kungopereka cha m'ma 2,500 ikafika pa Dedza, pomwe ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja, ikadapereka pafupifupi mphamvu zake zonse. Jenereta yolemedwa imatsitsa ndi kukweza ma volt nthawi iliyonse masipika akuluakulu akagunda, ndipo zida za digito ndizo zimayamba kuzima ndi kudziyatsa. Jenereta yokhala ndi chowongolera ma volt, kapena ya mtundu wa inveta, ndi yokwera mtengo koma imapewa zambiri mwa izi.

Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi imachepetsanso mphamvu yomwe batire la asidi lingatulutse, ndipo nkhungu ndi mitambo ya m'mapiri zimachedwetsa kutchaja kwa sola. Batire la ma volt 12 ndi ma amp-hour 100 limasunga pafupifupi ma watt-hour 1,200, koma la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mwini wake akufuna likhalitse. Zida zokoka ma watt 300 zingayende maola awiri okha pa batire lotere. Inveta yotsika mtengo, ya modified sine wave, imalowetsa kulira kwa "zzz" m'masipika ndipo imatenthetsa ma transformer a muampulifaya. Yoyenera zida zoyimbira ndi ya pure sine wave.

Chodabwitsa n'chakuti gawo lomwe limapsa msanga ndilo losavuta kuliteteza. Ma pedal asanu okoka ma milliamp 500 onse pamodzi amadya ma watt osakwana 5, mphamvu yochepa kuposa ya babu limodzi la m'nyumba. Kabokosi kotchajidwa kotulutsa ma volt 9, kokhala ndi mabowo odziyimira paokha, kakhoza kuwayendetsa kwa maola angapo osakhudzana ndi jenereta n'komwe. Kuwalekanitsa motere kumachepetsanso phokoso lomwe limadza ma pedal a digito akamagawana nthambo imodzi ndi anzawo.

Nkhaniyi ikukhudza maofesi a boma mwachindunji. Makhonsolo, maunduna ndi mabungwe amaitana magulu oyimba pa misonkhano yodziwitsa anthu za katemera, kalembera, ulimi ndi masiku okumbukira zinthu zosiyanasiyana, nthawi zambiri pa mabwalo a sukulu opanda magetsi. Ngati pangano silinena yemwe abweretse jenereta, kukula kwake ndi mtundu wake, chida chikapsa woluza ndi woyimba, yemwe malipiro ake a tsikulo sangagule china. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zida zochokera kunja udakwera kwambiri, ndipo amisiri odziwa kukonza timakina ta digito ndi ochepa kunja kwa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre.

Makomiti ogula katundu ndi ntchito m'maofesi angathe kulemba zofunikazi pa chikalata chofunsira mitengo monga momwe amalembera kuchuluka kwa mipando ndi mahema: ma watt ofunika atawonjezeredwa kaamba ka kukwera kwa malo, chowongolera ma volt, waya wa earth, ndi mafuta okwanira nthawi yonse ya msonkhano. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi, kotero kuti ofesi ingathe kufuna kuti wolumikiza nthambo pa bwalo akhale nacho. Mbali yotsala ili m'manja mwa bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, chifukwa adapter yosalembedwa ma volt, ma milliamp ndi mbali ya pulagi simpatsa wogula njira yodziwira ngati ili yoyenera asadailowetse pa chida chake.