Turbo yaikulu, nanga oisenza ndani?

Lero sindikamba za mayeso. Ndikamba za chitsulo china chakuda bii chimene chimakhala m'mbali mwa injini, ndipo palibe amachiganizira kufikira tsiku limene chang'aluka. Amakaniko amachitchula kuti manifold ya ekizozi.

Mwina wina afunsa kuti munthu wa ku Chisi za galimoto zikumukhudza bwanji, pomwe galimoto zimathera pa doko la Kachulu ife n'kukwera bwato. Zikutikhudza kwambiri. Matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanja ya Chilwa siyenda yokha kupita kumsika wa Zomba kapena ku Limbe. Simenti, malata, mabuku a sukulu, odwala opita kuchipatala chachikulu, zonsezi zimadalira ma pick-up a matola ndi maminibasi amene amalimbana ndi fumbi la kuno. Eni ake ena ndi ana athu a sukulu akale. Ena ndi aphunzitsi anzathu amene anatenga ngongole ku SACCO kuti adzakhale ndi pogwira akadzapuma ntchito.

Galimoto zakale zambiri za mtundu wa Hilux ndi Hiace zili ndi injini za dizilo za Toyota zotchedwa 3L, ya malita 2.8, ndi 5L, ya malita 3.0. Ndi injini zopirira, koma zilibe turbo, ndipo zikasenza matumba a matemba zimakwera mtunda ngati nkhalamba. Ndiye maganizo amabwera: tiike turbo. Amene ali nayo kale, monga pa 2L-T kapena 1KZ-TE, nawonso amalakalaka yokulirapo. Ndalama zonse zimathera pa turbo yomweyo, ndipo ya manifold imakhala yotsala m'thumba. Apa ndi pamene ndikusiyana nawo maganizo. Kwa ine, munthu amene alibe ndalama ya manifold yabwino ndi zoichirikizira, ndiye kuti ndalama ya turbo sanaipeze. Adikire.

Tikumbutsane mmene zimagwirira ntchito. Utsi wotentha ukatuluka m'masilinda anayi aja, manifold imausonkhanitsa n'kuupereka ku turbo. Utsiwo umazunguza kagudumu kokhala ndi timapiko, ndipo kagudumuko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Timagudumu timeneti timazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Tsono manifold ili ndi ntchito ziwiri. Ndi njira ya utsi umene umatentha madigiri 600 kapena 700 galimoto ikamakwera mtunda ndi katundu. Komanso ndi pamene pamapachikidwa turbo yonse. Ntchito yachiwiriyi ndi imene anthu amaiwala.

Amene munakhoza Physics tatengani cholembera. Tiyerekeze kuti turbo ikulemera makilogalamu 7, ndipo yakhala masentimita 20 kuchokera pamene manifold yamangidwira ku injini. Mphamvu ya 70 N kuchulukitsa ndi 0.2 m, yankho ndi 14 Nm. Si zambiri. Galimoto itangoima pansi pa mtengo wa mango, manifold ikhoza kusenza zimenezo zaka ndi zaka. Koma galimoto zathu siziima, zimayenda pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana ngati mizere ya m'munda. Ngati mabampuwo atalikirana theka la mita, pa makilomita 10 okha turbo yagwedezeka ka 20,000. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola ndiye kuti ikugwedezeka koposa ka 20 pa sekondi iliyonse, ndipo pa bampu lililonse kulemera kwake kumakhala ngati kwawonjezeka.

Mwana aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya amadziwa kudula waya popanda pulayala. Amaupinda uku, kuubweza uku, kuupindanso, mpaka waya uja wadukira m'manja. Chitsulo chimatopa. Msewu umachita zomwezo ku manifold, ndipo umazichita chitsulocho chili chofiira ndi moto, nthawi imene mphamvu zake zachepa kale. Mukaika turbo yaikulu, mwawonjezera kulemera. Mukaikanso kachitsulo kolumikizira pakati chifukwa mabowo a turbo yatsopano sakugwirizana ndi a manifold, mwaitalikitsa kuchoka ku injini, ndiye mwachulukitsa mbali zonse ziwiri za samu ija.

Tsopano kusankha. Pa intaneti mudzaona ma manifold a mapaipi a stainless, onyezimira, opindika ngati mizu ya kachere. Ndi okongola, sindikana. Koma anapangidwira galimoto za petulo zothamangitsana pa phula losalala, zimene injini yake imalira pa 6,000 kapena 7,000. Dizilo ya matola imathera moyo wake pakati pa 1,500 ndi 3,000. Chimene imafuna ndi chakuti turbo idzuke msanga, pamene dalaivala akuchoka mumchenga ndi giya yoyamba. Mapaipi aatali ndi otakasuka amataya kutentha m'njira ndipo utsi umafika ku turbo utafooka, choncho turbo imachedwa kudzuka. Manifold yaifupi, yonenepa, ya cast iron, imene owotcherera amangoti kasiti, imasunga kutentha ndi kupereka utsi pafupi. Ndiponso ma stainless otchipa ambiri ndi opyapyala, ena khungu lake silipitirira milimita imodzi ndi theka, ndipo amang'alukira m'mbali mwa mowotcherera.

Pali samu ina imene imandisangalatsa kuposa yoyamba ija. Chitsulo chikatentha chimatanuka, tonse tinaphunzira. Stainless wamba imatanuka pafupifupi magawo 17 pa miliyoni pa digiri iliyonse, pamene kasiti imatanuka magawo 11 kapena kuchepera pang'ono. Manifold yotalika masentimita 50 ikatentha ndi madigiri 600, ya stainless imatalika ndi mamilimita 5, ya kasiti ndi mamilimita 3. Koma hedi ya injini imene manifold yamangidwapo imazizidwa ndi madzi, siipita patali ndi madigiri 100, ndiye siitanuka mofanana nayo. Apa pali kukokana. M'mawa uliwonse manifold imafuna kutalika, hedi n'kumaikaniza, madzulo imabwerera. Mamilimita awiri osiyanawo ndi amene amathyola mabawuti a kumapeto ndi kupinda chitsulo mpaka gasiketi kuyamba kudutsitsa utsi. Mukadzagwira manifold ya kufakitale, tadzayang'anani mabowo ake. Kawirikawiri a kumapeto amakhala otakasuka kuposa a pakati. Sikuti anaboola molakwitsa ayi, anasiya dala mpata woti chitsulo chiziyendamo.

Choncho ine ndikuti, ngati ilipo manifold ya kasiti imene inapangidwira injini ya banja lomwelo, tengani imeneyo, ngakhale ikhale yakale ya kwa ogwetsa galimoto. Injini za 2L, 3L ndi 5L ndi za mtundu umodzi, n'chifukwa chake amakaniko ambiri amatenga manifold ya 2L-T pamodzi ndi turbo yake ya CT20 n'kuzimanga pa 3L. Musanalipire, itsukeni bwinobwino, muyang'ane ming'alu makamaka pamene njira zinayi zimakumana, kenako muike rula yachitsulo pankhope yake kuti muone ngati siinapindike. Ikakhala yopindika pang'ono, a makina osalazira zitsulo amaikonza.

Ndisanamizire kuti kasiti ilibe vuto. Imadana ndi madzi ozizira ikakhala yamoto. Amene munayenda m'misewu ya kuno madzi atasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, mukudziwa kuti dalaivala amalowa m'madzi injini ili phuliphuli. Kunja kwa chitsulo kumazizira mwadzidzidzi n'kukhwinyata, m'kati mukadali moto, ndiye chimasweka ngati mphika wadothi. Mankhwala ake ndi kuima kanthawi musanawoloke, zimene zimathandizanso turbo yeniyeniyo. Vuto lina ndi lakuti kasiti ndi yovuta kuwotcherera. Imafuna kuitenthetsa yonse kaye, kugwiritsa ntchito rodi ya nickel, kenako kuikwirira mumchenga wouma kapena m'phulusa kuti izizire pang'onopang'ono. Wowotcherera amene wangotenga rodi ya mafelemu a zitseko n'kumata pamwamba, wakugulitsani masabata ochepa chabe.

Nanga ya kasiti ikasowa? Amisiri athu akhoza kupanga, ndipo ena ndi aluso kwambiri. Koma muwauze chimene mukufuna: paipi yachitsulo wamba yokhuthala mamilimita 3 kapena 4, mbale yomangira ku hedi yokhuthala mamilimita 10 kapena 12, njira zazifupi, ndipo akamaliza kuwotcherera nkhope yake ikasalazidwe pa makina chifukwa moto umaipinda. Paipi yamadzi yokutidwa ndi zinc musaivomere, utsi wake umadwalitsa wowotchererayo. Ndipo m'kati muchotsedwe kanyenyeswa kalikonse. Kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga kakagwera pa timapiko tozungulira ka 100,000 pa mphindi, turbo ya ngongole ija yatha tsiku lomwelo. Zokulunga manifold ndi nsalu yotchinga kutentha sindizikonda kuno kwathu. Nsaluyo imasunga chinyezi, ndipo matope a m'mbali mwa Chilwa ndi amchere, dzimbiri limadya mobisika pansi pake.

Tifike pa kuchirikiza, pamene pagona nkhani yonse. Nthochi ikabereka mkoko waukulu timaiikira mphanda. Turbo nayonso imafuna mphanda yake, bulaketi yolimba imene imatenga kulemera kwake n'kukupereka ku thupi la injini. Galimoto zambiri zimachoka kufakitale zili nayo, koma makaniko akamasula injini amaiponya pambali, amati ikungopingasa sipanala. Ifunseni. Ngati turbo yasintha ndipo bulaketi yakale siikukwanira, ipangidwe ina.

Koma pali zolakwika ziwiri zimene zimachititsa kuti mphanda iwononge m'malo mothandiza. Choyamba ndi kuimangirira ku chasisi kapena ku bodi ya galimoto. Injini imakhala pa mphira ndipo imagwedezeka payokha, chasisi nayonso payokha. Mukalumikiza turbo ku chasisi, ndiye kuti injini ikapendekeka manifold ndi imene imapindika. Bulaketi ichoke pa turbo kupita pa injini, basi. Chachiwiri ndi kuimanga nganganga mbali zonse. Kumbukirani mamilimita aja. Turbo imasuntha pang'ono manifold ikatanuka, ndiye bulaketi iyenera kukana kuti turbo isatsike, koma kuilola kuyenda kutsata kumene chitsulo chikutanukira. Bowo lotalikirapo mbali imodzi limakwanira kuchita zimenezi. Ndipo pomanga, bulaketi ifike yokha pamalo pake, osati kuikoka ndi bawuti kuti ikumane ndi turbo.

Kuseri kwa turbo kulinso katundu wina woposa turbo yomwe: paipi yonse ya ekizozi mpaka kumbuyo kwa galimoto. Timphira topachikira ekizozi tikaduka, ambiri amamanga ndi waya, ena amangosiya. Pamenepo paipi yotalika mamita awiri kapena atatu imakhala ngati mpini wautali umene ukukanula turbo pa bampu lililonse. Paipi yotsika kuchoka pa turbo ikhale ndi bulaketi yakeyake pa injini kapena pa giyabokosi, kutsogolo kwake pakhale flexi, kachigawo kolukidwa kaja kamene kamapindika, ndipo timphira tonse tikhalepo. Mphira zokhazikira injini nazonso zikatha, zonse ndanenazi zapita m'madzi. Zinthu zimenezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi turbo, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera.

Wina anena kuti mng'alu wa manifold suimitsa galimoto, ndipo n'zoona, imayendabe. Koma utsi umene ukuthawira pamng'alupo sukufika ku turbo, ndiye mpweya wolowa umachepa pomwe dizilo akubwera wochuluka monga anachunira pampu. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, mafuta otayika ndi injini yotentha mopitirira, ndipo 2L-T imadziwika kale ndi kung'aluka hedi ikatenthedwa. Mu Hiace muli chinanso choopsa. Injini ili pansi pa mpando wa dalaivala ndi okwera kutsogolo, ndipo pansi pa minibasi yakale sipasowa mabowo. Utsi wothawawo umalowa m'kati, mmene muli amayi obereka ana, mazenera atatsekedwa chifukwa cha fumbi.

Kwa inu aphunzitsi a sayansi, ndili ndi pempho. Mutu wa kutanuka kwa zitsulo timauphunzitsa pojambula kampira ndi mphete pa bolodi, chifukwa masukulu athu ambiri a CDSS alibe zipangizo, kenako timatchula mipata ya pa njanji imene ana ambiri a kuno sanaiyang'anepo. Bwanji osapempha manifold yong'aluka kwa makaniko n'kubwera nayo m'kalasi? Ana ayeze mabowo ndi rula, aone pamene mng'alu unayambira, awerengere okha mamilimita aja. Ena mwa iwo adzapita ku Nasawa kapena ku Soche kukaphunzira ntchito zamanja, ena adzakhala eni galimoto, ndipo adzadziwa chofunsa makaniko akamaponya bulaketi pambali.

Inu amene munaika kale turbo, mawa m'mamawa injini isanatenthe, iyatseni n'kumvetsera mbali ya ekizozi. Mukamva kaphokoso ka tsi-tsi-tsi kotsatana ndi kulira kwa injini, kamene kamazilala pakapita mphindi zingapo, ndiye kuti pali mpata umene ukutsekeka chitsulo chikatanuka. Zimitsani, mudikire izizire, muyang'ane mwaye wakuda m'mbali mwa gasiketi ndi pansi pa turbo, muwerenge ngati manati onse alipo. Kenako mugwire paipi ya ekizozi kumbuyo n'kuigwedeza, mnzanu akuyang'ana ngati turbo ikusuntha nayo.