Chomwe chimaitanira njoka kunkhokwe

Kummwera chakummawa kwa dziko la America kuli njoka ina yopanda ululu, ya mawanga ofiira, yomwe eni dziko amaitcha corn snake, kutanthauza kuti njoka ya chimanga. Njokayi sidya chimanga ayi. Ambiri amati dzinali lidabwera kaamba koti imapezeka pafupi ndi nkhokwe, komwe imasaka mbewa ndi makoswe. Anthu a ku America ndi ku Ulaya amaiweta m'nyumba monga mmene ena amawetera mphaka. Kwa munthu wokhala pakomboni ku Banket kapena ku Mvurwi, zimenezi n'zoseketsa, mwinanso zonunkha ufiti, komabe zomwe oweta njokawa amadziwa zingathe kupulumutsa chimanga, anapiye, ngakhalenso mwendo wa mwana.

Thupi la njoka silidzipangira lokha kutentha monga limachitira la munthu kapena la nkhuku. N'chifukwa chake woweta kamwana ka njoka amatenthetsa mbali imodzi ya bokosi lake kufika pafupifupi madigiri 29 kapena 30, mbali inayo n'kuisiya yozizirirapo, kuti kanjokako kazisankha kokha pogona. Amaikamonso pobisala mbali zonse ziwiri, pakuti njoka yosowa pobisala imakana kudya. Chakudya chake ndi kamwana ka mbewa kongobadwa kumene, kamodzi pa masiku 5 mpaka 7, ndipo kasapose kunenepa kwa njokayo. Ikadya, saigwira kwa masiku awiri. Bokosi likazizira, chakudya sichigayika m'mimba ndipo njoka imasanza.

Tsono njoka imafuna zinthu zitatu basi: pofunda, pobisala ndi chakudya. Mlimi wa ku Mashonaland akayendera pakhomo pake ndi mfundo zitatuzi m'mutu, aona kuti bokosi lija adalimanga kale iye mwini mosadziwa. Pamapulazi a fodya a ku Karoi, Trelawney ndi Bindura, komwe kudakali mabanja ambiri omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, mabalani owotchera fodya amasunga kutentha usiku wonse, ndipo pambali pake pamakhala mulu wa nkhuni momwe mbewa zimaswera. Khola la anapiye lili ndi mbaula kapena nyale, madeya otayika pansi, ndi makoswe obwera kudzadya madeyawo. Malata akale ounjikidwa kuseri kwa nyumba amatentha ndi dzuwa, mulu wa manyowa nawo umafunda mkati. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pomwe madera okwera ngati Marondera amagwa chisanu, njoka zimabisala m'malo otere ndipo siziyendayenda. Zimatuluka kukayamba kutentha, makamaka mvula yoyamba ikagwa, nthawi yomwe anthu ali kalikiliki m'munda.

Mwa alendo onsewa, yemwe amaphedwa popanda mlandu ndi njoka ya m'nyumba yomwe ambiri amaitcha chakusa. Ndi yofiirira, ili ndi timizere tiwiri toyererako mbali iliyonse ya mutu, ndipo kawirikawiri sipitirira mita imodzi. Ilibe ululu. Imapha mbewa poizinga ndi thupi lake, imasaka usiku, ndipo imatha kulowa kuuna n'kumeza ana onse a mbewa, ntchito yomwe mphaka sangaigwire. Ikakhala yaing'ono imadya abuluzi ndi analimata. Tikanena za ntchito, iyi ndiyo njoka ya chimanga ya kuno. Banja lomwe laipha n'kukagula mankhwala a makoswe lataya pawiri, chifukwa mankhwala ena otere amaphanso akadzidzi ndi amphaka omwe adya khoswe wodwala.

Izi sizikutanthauza kuti alangizi aziuza anthu kuti azitola njoka. Pali kanjoka kena kakuda, kowala, kokhala m'nthaka, kooneka kofatsa, komwe kamabaya ndi dzino lotulukira m'mbali mwa kamwa ngakhale munthu atakagwira pakhosi, ndipo ena adaduka nako chala. Mphiri, yomwe anzathu a Chishona amaitcha chiva, sithawa: imangogona phee panjira, ndipo ululu wake umatupitsa ndi kuoletsa mnofu. Njoka yolavulira m'maso imalowa m'nyumba usiku potsata achule ndi mbewa, ndipo imaluma anthu ogona pansi. Nsato nayo idaikidwa m'gulu la nyama zotetezedwa ndi lamulo la Parks and Wild Life la 1975, choncho woipeza mkhola aitane a zanyama zakutchire, asaiphe.

Zochita sizifuna ndalama zambiri. Nkhokwe ikhale pamiyendo yayitali yovekedwa malata kuti makoswe asakwere, pansi pake pazisesedwa. Nkhuni ndi malata akale ziunjikidwe kutali ndi nyumba yogona. Mpata wa kunsi kwa chitseko utsekedwe, ndipo neti yoteteza udzudzu, ikapisidwa bwino kunsi kwa mphasa kapena matiresi, imatchinganso njoka. Wopita kukasonkhezera moto kubalani usiku avale majombo ndipo anyamule tochi. Ana, omwe ndiwo amatumidwa kukatenga nkhuni madzulo, aphunzitsidwe kugwedeza mulu ndi ndodo asanapisemo dzanja.

Mu 2017 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 lidakhazikitsa cholinga chochepetsa ndi theka imfa ndi kulumala pofika 2030. Malangizo ake amatsutsana ndi zambiri zomwe akuluakulu adazolowera. Wolumidwa asatemedwe mphini, bala lisayamwidwe, ndipo chiwalo chisamangidwe ndi chingwe kapena mphira: ululu wa mphiri ukatsekeredwa malo amodzi, mwendo umaola msanga. Mphete, zibangili ndi nsapato zivulidwe chiwalo chisanatupe, wodwalayo asayende koma anyamulidwe. Wolavuliridwa m'maso asambe ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenako apite kuchipatala.

Mankhwala opha ululu sapezeka kawirikawiri m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi. Mlangizi wa zaumoyo wa pakomboni afunse kuchipatala cha boma chapafupi, kapena kuzipatala zazikulu za Chinhoyi, Bindura ndi Marondera, komwe wolumidwa ayenera kutumizidwa, agwirizanenso ndi mwini galimoto kapena thirakitala yemwe angadzutsidwe usiku. Zonsezi zichitike mwezi wa Okutobala usanathe.