Ndani amene amalamula misewu ya ku Mulhuddart?

Mulhuddart ndi mudzi wakale womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Tolka, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Dublin. Anthu amautchulabe mudzi ngakhale kuti minda yomwe inauzungulira inatha kalekale. Kumene alimi ankadyetserako ng'ombe kunamangidwa nyumba za khonsolo za Ladyswell, Parslickstown ndi Wellview, kenako mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu za ku Damastown, kenakonso Tyrrelstown kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chomwe chatsala cha mudzi weniweniwo ndi kamsewu ka masitolo, mlatho, ndi Church Road yomwe imakwera chitunda kupita kumanda akale, kudutsa pa chitsime cha Lady's Well. Misewu imeneyi inalambulidwira ngolo ndi anthu owerengeka, koma lero ikusenza mabasi, malole ndi magalimoto a anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo obadwira kunja kwa Ireland.

Dera limeneli lili pansi pa khonsolo ya Fingal, yomwe inakhazikitsidwa mu 1994 pamene khonsolo yakale ya County Dublin inagawidwa patatu. Kalembera wa 2016 anapeza anthu pafupifupi 296,000 ku Fingal, ndipo wa 2022 anapeza oposa 330,000. Anthu akamachuluka chonchi, khonsolo singakhale manja lende. Pa malo ake a Church Fields, pafupi ndi Wellview, ikumanga nyumba zomwe zikuyembekezeka kufika pafupifupi 1,000, pamodzi ndi msewu watsopano wochokera ku Damastown Avenue wokhala ndi njira za njinga. Palibe munthu wanzeru amene angatsutse nyumba mumzinda womwe lendi ikumaliza malipiro a anthu. Mkangano uli poti chiyambe n'chiti, msewu ukhale wotani, ndipo afunsidwe ndani zisanayambe.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa mmene khonsolo ya ku Ireland imayendera. Fingal ili ndi makhansala 40, ndipo asanu mwa iwo amaimira dera la Blanchardstown-Mulhuddart. Koma kuyambira pa lamulo la 1940, mphamvu zambiri za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa mkulu wolembedwa ntchito, yemwe sasankhidwa ndi anthu. Makhansala ali ndi zawo zochepa zomwe lamulo linawasungira: kuvomereza bajeti, kuvomereza pulani ya chitukuko, ndi kukweza kapena kutsitsa pang'ono msonkho wa nyumba womwe unayamba mu 2013. Zambiri mwa zotsala, monga kusankha kontilakitala ndi kujambula mapulani, ndi za mkuluyo ndi mainjiniya ake. Mmalawi amene anaonapo khansala akudandaula kuti zonse zimathera pa desiki ya bwanamkubwa sangadabwe nazo.

Khonsolo ikafuna kugwira ntchito yaikulu, imatsata ndondomeko yotchedwa Part 8. Imaika chidziwitso m'nyuzipepala ndi pamalo pomwe padzagwiridwe ntchitopo, mapulani amaonetsedwa kwa milungu 4, ndipo anthu amakhala ndi milungu ina 2 yoti atumize maganizo awo. Mkulu wa khonsolo amalemba lipoti, makhansala n'kukambirana. Apa pali mfundo yomwe ambiri saidziwa: makhansala akapanda kugwirizana zosintha kapena zokana, ntchito imapitirira. Ndipo pa zina, monga mahampu ndi kuchepetsa kukula kwa msewu, gawo 38 la lamulo la pamsewu la 1994 limalola akuluakulu a khonsolo kuchita popanda kudikira voti.

Chidziwitsocho n'chofunika kuchiyang'ana pafupi. Ndi pepala loyera lokutidwa ndi pulasitiki, lomangiriridwa pa mtengo wa magetsi kapena pa mpanda, lolembedwa tizilembo ting'onoting'ono m'Chingerezi cha maloya, lotchula magawo a malamulo ndi tsiku lomaliza. Mayi amene akuthamangira basi 6 koloko m'mawa mu December, kunja kuli mdima ndi mvula, popita kukasamalira okalamba, sadzaima kuti aliwerenge. Adzadziwa kuti siteji ya basi yasunthidwa tsiku lomwe adzapeze magiledala pamsewu. Pamapepala a khonsolo padzalembedwa kuti anthu anafunsidwa, ndipo mwalamulo zidzakhala zoona.

Komabe mbali ya mainjiniya ili ndi mfundo zolimba, ndipo n'kulakwa kuinyoza. Choyamba, msewu ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo zina mwa zomwe zimapulumutsa moyo sizikondedwa poyamba. Kuyambira mu 2013 dziko la Ireland lili ndi buku la malangizo a kamangidwe ka misewu ya m'matauni lotchedwa DMURS, lomwe limaika woyenda pansi patsogolo, kenako wa njinga, kenako basi, galimoto ya munthu payekha pomalizira. Tengani mphambano yamakedzana yokhala ndi kona yotambalala: dalaivala amakhota osachepetsa liwiro, ndipo mwana wasukulu amakhala nthawi yaitali ali pakati pa msewu. Akaipanikiza konayo, n'kukweza powolokera kuti pafanane ndi njira ya oyenda pansi, n'kuyala matailosi a timabamphu toti wosaona amve ndi phazi, dalaivala amakakamizika kuponda buleki. Amadandaula kuti amuchedwetsa, ndipo n'zoona amuchedwetsa. Koma amene wapindula ndi mwana, nkhalamba ndi wa pa njinga ya olumala, omwe sabwera kumisonkhano.

Chachiwiri, ndalama zili ndi nyengo yake. Zambiri za njira za njinga ndi za oyenda pansi sizichokera m'thumba la Fingal ayi, zimachokera ku National Transport Authority, pansi pa lonjezo la boma la mu 2020 loika €360 miliyoni pachaka pa ntchito zotere. Ndalamazo zimabwera ndi miyezo yake ndi nthawi yake. Khonsolo ikachedwa ndi mikangano, zimapita kwina. Pa nyumba, boma linafika potopa nako kuchedwa, moti mu 2023 linakhazikitsa lamulo la kanthawi, gawo 179A, lolola makhonsolo kumanga nyumba pa malo a boma osadzera mu Part 8. Kwa banja lomwe lakhala zaka zambiri pamndandanda wodikira nyumba, mwezi uliwonse wa zokambirana ndi mwezi winanso wogona m'chipinda chimodzi cha hotela.

Chachitatu ndiye chimene chimandikhudza kwambiri. Kufunsa anthu sikupereka mawu mofanana. Mu June 2020, nthawi ya Covid-19, khonsolo yomweyi ya Fingal inatseka New Street ku Malahide kuti magalimoto asamadutsemo. Malahide ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja ya anthu opeza bwino. Ena anakondwera, ena anakwiya kuti magalimoto akhamukira m'timisewu ta kunyumba kwawo, nkhani inakafika ku High Court mu 2021, ndipo makhansala anadzavomereza mwa voti mu 2024 kuti msewuwo ukhale wa oyenda pansi mpaka kalekale. Sindikuwadzudzula anthu a ku Malahide, anagwiritsa ntchito ufulu wawo. Koma zaka zonsezo za misonkhano, makalata ndi maloya zimafuna nthawi, ndalama ndi chidaliro choti boma limakumvera. Ku Mulhuddart, komwe ambiri amagwira ntchito zosinthana usiku ndi usana ndipo ambiri ndi alendi, zinthu zitatuzi n'zosowa. Tikati chilichonse chidikire mpaka onse odandaula akhutire, tapereka chiwongolero kwa amene ali nazo kale.

Nanga anthu a m'deralo akamati sakumvedwa, akunama? Ayi ndithu. Mbiri ili kumbali yawo. Nyumba za khonsolo za kumadzulo kwa Dublin zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabanja n'kusamutsidwira kumeneko masitolo, mabasi okwanira ndi malo osewerera ana zisanafike. Msika waukulu wa Blanchardstown Centre unadzatsegulidwa mu 1996, ana a mabanja oyambawo atakula kale. Munthu amene anakulira m'menemo akamva kuti kukubwera nyumba zina 1,000, funso lake loyamba limakhala la sukulu, dokotala ndi basi, ndipo akamuyankha kuti zimenezo si za khonsolo, zili ndi maunduna ena, yankholo n'loona koma silimutonthoza. Khonsolo ya ku Ireland siyendetsa sukulu, zipatala, apolisi ngakhale mabasi, ndipo madzi anachoka m'manja mwake n'kupita ku bungwe la dziko lonse lomwe lero likutchedwa Uisce Éireann. Lipoti la Council of Europe la 2023 linaika Ireland pakati pa mayiko a ku Ulaya omwe mphamvu zinaunjikana kwambiri kulikulu.

Palinso zomwe injiniya sangazione pa kompyuta. Amene anaona Tolka atasefukira mu November 2002 amadziwa pamene madzi amayambira kudikha. Amene amaperekeza maliro ku Church Road amadziwa kuti tsiku la mwambo magalimoto amadzaza mbali zonse. Mwini kasitolo amadziwa nthawi yomwe lole yobweretsa katundu imafika ndi pomwe imaima. Njira yomwe anthu anaiponda okha pa kapinga, yodulira kupita pa siteji, imanena momveka pomwe simenti inayenera kuthiridwa. Nzeru zoterezi zimathandiza zikabwera mapulani asanajambulidwe. Zikabwera pa sabata yachisanu ya Part 8, ndalama za akatswiri zitalipidwa kale, zimangoonedwa ngati madandaulo.

Apa ndi pomwe ine ndikuima. Pa nkhani ya chitetezo, monga kukula kwa kona, liwiro ndi malo owolokera, ndikuti mainjiniya asagonjere phokoso, ngakhale la makhansala. Koma pa nkhani ya chimene chiyambe, kaya magetsi a m'njira yopita ku Damastown, kaya ngalande, kaya bwalo la ana, injiniya alibe nzeru zoposa za wokhala pamalopo, ndipo apa ndi pomwe anthu ayenera kukhala ndi mawu enieni, ndi ndalama zenizeni. Chitsanzo chili pafupi. Khonsolo ya South Dublin inayamba mu 2017 kupatula €300,000 kuti anthu a dera limodzi apereke maganizo a ntchito n'kuvotera okha, kuyambira ku Lucan. Ndalamazo n'zochepa, sizingamange mlatho, ndipo otsutsa amati n'kungopaka mafuta pakamwa. Mwina. Koma munthu amene wavotera benchi n'kuiona itaikidwa amabweranso pa nkhani yaikulu.

Kwathu ku Malawi timaimba za mphamvu ku anthu kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndipo pamapepala dongosolo lathu limafika pansi kuposa la Ireland, popeza maganizo amayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ya m'dera (ADC), mpaka kukhonsolo. Koma tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, lomwe linayamba mu 2006, lakhala likukanganitsa aphungu ndi makhansala mpaka khoti linagamula mu May 2025 kuti aphungu kulowerera pa kayendetsedwe kake n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Anthu a ku Lilongwe akukumbukira mmene anadzidzimukira mu 2021 kuona mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ikugwetsedwa pokulitsa msewuwo. Ku Ireland ndondomeko imatsatidwa, masiku amawerengedwa, lipoti limalembedwa ndipo aliyense angaliwerenge, koma kufunsako kumabwera mochedwa. Kwathu misonkhano ya pansi pa mtengo imachitika molawirira, koma zimene zanenedwa zimasowa m'njira. Tingatengereko chizolowezi cholemba poyera yankho la dandaulo lililonse, iwonso angatengereko chizolowezi chopita kumene anthu ali, pakhomo la tchalitchi, pa mzikiti kapena pa geti ya sukulu, m'malo modikira makalata.

Chotsala ndi voti. Pa chisankho cha makhansala cha 7 June 2024, oponya voti m'dziko lonse sanakwane theka la olembetsa. Dera la Blanchardstown-Mulhuddart linasankha JK Onwumereh wa Fianna Fáil, wochokera ku Nigeria, ndipo pa chisankho chomwecho linasankhanso Patrick Quinlan wa National Party, chipani chodana ndi kubwera kwa anthu akunja. Kumene anthu akuona kuti nyumba, basi ndi dokotala sizikukwanira, ndipo palibe amene akuwafunsa, mkwiyo umasaka woti umugwere, ndipo kawirikawiri umagwera mlendo. N'chifukwa chake nkhani ya mahampu ndi ngalande ikutikhudza ife Amalawi okhala ku Mulhuddart ndi madera oyandikana nawo kuposa mmene timaganizira.

Lamulo la Ireland limalola aliyense wa zaka 18 wokhala m'dzikomo kuvota pa chisankho cha makhansala, kaya ndi nzika, wophunzira kapena wopempha chitetezo. Mu 2019 Mmalawi, Ellie Kisyombe, anapikisana nawo pa mpando wa khansala ku Dublin City Council. Chisankho chotsatira chidzachitika mu 2029, chaka chomwe pulani ya chitukuko ya Fingal ya 2023 mpaka 2029 idzathe, ndipo zokambirana za pulani yatsopano, yomwe idzanene pomwe padzadutse misewu ndi pomwe padzamangidwe nyumba ku Mulhuddart, zimayamba chakacho chisanafike.