Galimoto yoyamba: mtengo weniweni suthera pa tsiku logula

Fodya, mbatata ya kachewere, soya ndi nyemba zikagulitsidwa, m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mumamveka nkhani yogula galimoto. Mlimi amene anayamba ndi njinga yakapalasa, kenaka yamoto, amawerengera ndalama zimene amapereka kwa eni malole ndi eni chapa ponyamula matumba kupita ku Ulónguè, ku Biri-Biri kapena ku Tete, n'kuona kuti mwina nthawi yakwana yoti akhale ndi yake. Maganizowa si oipa. Koma ndalamazo ndi thukuta la zaka zingapo, nthawi zina ndi ng'ombe za m'khola, ndipo galimoto yosankhidwa molakwa imadya zonsezo m'miyezi yochepa, n'kusanduka chikwere cha nkhuku kuseri kwa nyumba.

Pogula koyamba, ambiri amayang'ana mtengo ndi kuwala kwa penti. Komatu chimene chimaonetsa ngati galimoto ndi yotchipa kapena yodula ndi zinthu zitatu: mapepala ake, msewu umene iziyendamo, ndi kumene zitsulo zake zimapezeka ikawonongeka.

Kumene galimotozi zimachokera

Galimoto zing'onozing'ono zambiri za m'chigawo cha Tete zinayamba kugwira ntchito ku Japan. Kumeneko galimoto ya munthu wamba imakayesedwa ikakwanitsa zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo mayesowo ndi odula. N'chifukwa chake eni ake amazigulitsa zikadali zolimba. Popeza ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, chiwongolero chimakhala mbali yoyenera. Zimabwera pa sitima zapamadzi n'kutsikira ku Maputo, Beira, Nacala kapena Durban.

Vuto ndi lakuti galimoto imene imafika pa mtengo woti mlimi angaukwanitse kawirikawiri imakhala itadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu kuno ku Africa. Mbiri yabwino ya ku Japan imakhala itatha kale. Chotsala ndi mmene eni ake a kuno anaisamalira, ndipo zimenezi wogulitsa sazinena yekha.

Msampha wa m'malire

Anthu a m'malire ali ndi yesero limene a ku Maputo sakumana nalo kawirikawiri. Ndalama ya kwacha ya ku Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25% mu May 2022, ndiponso ndi 44% mu November 2023, pamene metical kuyambira 2021 mpaka 2024 inakhazikika pafupifupi pa 64 pa dola imodzi. Munthu wonyamula meticais akawoloka pa Calómuè kupita ku Dedza, kapena pa Zóbuè kupita ku Mwanza, amatha kumva mtengo wa galimoto n'kuona ngati watola chikwama. Kuwonjezera apo, mabanja ambiri anakhala ku Malawi monga othawa nkhondo mtendere usanabwere mu 1992, ndipo ali ndi abale tsidya linalo. Malonda amachitika pa chibale, ndipo kufunsa mapepala kwa mlamu kumaoneka ngati chipongwe.

Koma galimoto yokhala ndi nambala ya dziko lina imalowa mu Mozambique monga mlendo, ndi chilolezo cha nthawi yochepa chimene a Alfândega amapereka pa chipata. Nthawiyo ikatha, galimotoyo iyenera kutuluka, apo ayi iyenera kulipiridwa misonkho yonse kuti ilandire nambala ya kuno: msonkho wolowetsa katundu, msonkho wa ICE umene umayendera kukula kwa injini, ndi IVA, imene inatsitsidwa kuchoka pa 17% kufika pa 16% mu January 2023. Palinso malipiro a despachante amene amayendetsa mapepalawo. Zonsezi zikaphatikizidwa, kutchipa kuja kumachepa kapena kutheratu. Amene amalowetsa galimoto podzera njira za m'tchire amakhala ndi chuma chimene sichingafike ku Tete, chifukwa apolisi kapena a Alfândega akachipeza ali ndi mphamvu yochilanda.

Palinso nkhani ya galimoto zobedwa, makamaka za ku South Africa, zimene zimadutsa m'misewu ya m'dera lino. Galimoto yotere ikagwidwa imalandidwa, ndipo wogula, ngakhale sanadziwe, amataya ndalama zake n'kuyamba kuyankha mafunso a SERNIC. Galimoto yooneka yatsopano, ya mtengo wotsika modabwitsa, wogulitsa wake ali pa changu, ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mapepala ayambe, injini itsatire

Galimoto yolembedwa mu Mozambique imakhala ndi livrete, pamene pamalembedwa mtundu wake, nambala ya chasisi ndi ya injini, ndiponso título de propriedade, pepala losonyeza mwini wake. Wogula wanzeru amawerenga yekha nambala yodindidwa pa chitsulo cha galimoto, chilembo ndi chilembo, n'kuifananiza ndi ya pa livrete. Pamalopo pakaoneka zizindikiro zopala, zowotcherera kapena penti yatsopano, malonda athere pomwepo.

Dzina la pa título liyenera kufanana ndi la pa Bilhete de Identidade ya wogulitsa. Galimoto zambiri zimayenda ndi dzina la mwini woyamba amene anasamuka kapena anamwalira, ndipo kapepala kolemberana pansi pa mtengo sikasintha umwini pamaso pa lamulo. Chofunika ndi kalata ya malonda imene onse awiri asainira pamaso pa notário, kenaka kusintha dzina ku Conservatória. Amene akukayika za nambala ya galimoto angathe kukafunsa ku INATRO ndi ku polisi asanapereke ndalama. Ulendo wochokera ku Ulónguè kupita ku Tete ndi wopitirira makilomita 200, koma mtengo wa chapa ndi wochepa poyerekeza ndi kutaya galimoto yonse.

Msewu ndi katundu ndizo zisankhe

Msewu wa tala wochokera ku Mussacama kudzera ku Ulónguè mpaka ku Calómuè si umene mlimi amayendamo tsiku ndi tsiku. Wake ndi wafumbi, wa makwawa, umene mvula ya January ndi February imausandutsa matope. Kagalimoto kam'munsi ngati Vitz kamamwa petulo pang'ono ndipo n'kabwino m'tauni, koma m'njira zopita kumidzi ya ku Dómuè kapena Furancungo kamagunditsa mimba pa miyala.

Toyota Probox, imene inayamba kupangidwa mu 2002, yatchuka chifukwa ndi yosavuta kukonza ndipo ili ndi malo kumbuyo. Injini yake ya malita 1.5 ndi ya mtundu umodzi ndi imene ili mu Corolla, IST, Ractis ndi Sienta zambiri, choncho masipeya ake savuta kupeza ndipo amakaniko anaizolowera. Koma anthu amaiwala kuti opanga anaiyeza kunyamula makilogalamu 400, ndiye kuti matumba 8 a makilogalamu 50. Amene amaikamo matumba 15 ndi anthu pamwamba amathyola masipuling'i, amaphulitsa matayala, ndipo mabuleki salimba potsetsereka. Ngati cholinga ndi kunyamula mbatata kapena mabelo a fodya, kuli bwino kudikira chaka china n'kugula Hilux, Mazda Bongo kapena Canter yaing'ono, kapenanso kuphatikiza ndalama ndi anzake odalirika atalemberana bwino.

Giya nayo ndi nkhani. Ya pamanja ndi yolimba m'matope, imakonzedwa ndi makaniko aliyense, ndipo batire likafooka galimoto imaliza poikankha. Giya ya mtundu wa CVT, imene ili m'galimoto zambiri za zaka zaposachedwa, imafuna oyilo wakewake ndipo sipirira katundu wopyola muyeso. Galimoto zophatikiza petulo ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius, zimapulumutsa mafuta, koma batire lake lalikulu likatha ndi lodula ndipo odziwa kulikonza ndi ochepa kunja kwa mizinda. Funso loyamba kwa makaniko wa pafupi likhale lakuti: galimoto iyi ikafa, chitsulo chake chikagulidwa kuti, ndipo chidzafika patapita masiku angati?

Kuyesa asanalipire

Wogula apite ndi makaniko wake, wosadziwana ndi wogulitsa, ndipo apite m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosaleka, kapena zinthu zonga chambiko pansi pa chivindikiro cha oyilo, ndi chizindikiro chakuti madzi akulowa mu injini, matenda amene amabwera galimoto ikawira. Makilomita olembedwa pa wotchi amatha kubwezedwa m'mbuyo, koma kutha kwa mphira wa popondera, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala sikunama.

Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ayeneranso kusuzumira kunsi kuona dzimbiri, kudontha kwa oyilo ndi malo owotcherera, n'kutukula makapeti. Matope ouma ndi fungo la chinyezi zimaulula galimoto imene inamirapo, monga zinachitikira zambiri ku Beira pa namondwe Idai mu March 2019. Pomaliza galimoto iyendetsedwe pa tala, pa fumbi ndi pokwera mtunda, osati kuzungulira bwalo la msika lokha.

Ndalama zotsala m'thumba

Tsiku logula ndi chiyambi chabe. Lamulo limafuna seguro yolipirira anthu ena pa ngozi, pepala la inspecção losatha nthawi yake, msonkho wa chaka ndi chaka umene anthu amautchula manifesto, matiriyangulo awiri ndi chovala chonyezimira. Woyendetsa akhale ndi carta de condução yoyenera, ndipo wofuna kunyamula anthu olipira afunika carta ndi chilolezo cha ntchito imeneyo. Chosowa chilichonse pa zimenezi ndi multa pa msewu. Kuwonjezera apo, galimoto yakale imafuna oyilo, mafyuluta, mwinanso matayala ndi batire m'mwezi woyamba.

Choncho amene ali ndi 400 000 meticais asafunefune galimoto ya 400 000. Afune ya 300 000, zotsalazo zidikire mapepala ndi makaniko, ndipo ndalama ya feteleza ndi mbewu isakhudzidwe, pakuti munda ndiwo udzagula petulo. Ogulitsa amadziwa mwezi umene mlimi amakhala ndi ndalama, ndipo ndi nthawi imene amaumitsa mtengo. Wogula amene angathe kutembenuka n'kubwerera kwawo ndi ndalama zake ndiye ali ndi mphamvu pa malondawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.