Mphunzitsi wa kunja akakalamba agwire mtengo wanji?

Sabata yatha pa maliro ena ku Chilomoni ndinamva bambo wina wa suti akunena mokweza kuti aphunzitsi amene anapita kunja asamatisokosere ndi nkhani za penshoni, poti anathawa okha kutsata ndalama za eni. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndipo poti pa siwa si pokanganirana, ndati ndiwayankhire muno.

Ndinagwira choko zaka 11 kuno kwathu ndi zaka 19 ku Botswana. Bambo aja mwina anali asanamere mano mu 1989 pamene Kamuzu analamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwao, ati chifukwa sankaphunzitsa ana a zigawo zina ndi mtima wonse. Ine sindine wa kumpoto, koma ndinaona ndi maso angawa anzanga akukweza mphasa ndi mapoto pa lole, ena kusiya akazi ndi ana m'mbuyo. Ena mwa iwo sanaime pa Mzuzu, anapitirira mpaka kutuluka m'dziko. Masiku amenewo kufunsa funso lolakwika pa nthawi ya tiyi kunali kokwanira kuti munthu akagone ku Mikuyu. Kodi munthu wochoka motere ndiye mukumutcha wadyera?

Tsono ndikuuzeni moyo wa mphunzitsi wa pa kontirakiti, poti ambiri mumangoona galimoto imene amabwera nayo pa Khirisimasi. Ntchito yake ndi chiphaso chake chokhalira m'dzikomo n'zomangidwa chingwe chimodzi. Kontirakiti ikatha, chiphaso chatha, cha mkazi ndi cha ana chimodzimodzi. Zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse umagona tulo ta maso, kudikira kalata. Ikabwera yabwino amakupatsa gratuity ya kontirakiti yathayo, ndipo ndalamayo siichedwa: fizi ya ana, malata a nyumba ya mayi kumudzi, maliro a malume, fetereza wa mbumba yonse. Amene akutinenawa ena anaphunzira ndi ndalama yomweyo. Penshoni ya mwezi ndi mwezi palibe. Ndipo dziko lija likasula aphunzitsi akeake okwanira, amakuthokoza bwinobwino n'kukuonetsa msewu. Pamenepa sindikuwada Atswana ai, anachita chimene dziko lililonse la nzeru limachita. Mlendo ndi mame. Penshoni yao ya okalamba ndi ya nzika zao zokha.

Wina afunsa kuti nanga bwanji simunatenge unzika wa kumeneko? Chifukwa lamulo lathu la unzika la 1966 linkati ukatenga pasipoti ya dziko lina, ya Malawi utaye. Nyumba ya Malamulo inadzasintha zimenezi mu December 2018, ambiri a ife mitu ili mbuu ndi imvi, ena tinakwirira kale. Tinakana kutaya u Malawi wathu, ndipo mphotho yake ndi imeneyi, kusekedwa pa siwa.

Anzathu amene anakalambira ku Zimbabwe ndiye musanene. Anasonkha penshoni moyo wao onse, kukwera mitengo kwa mu 2008 kunaisandutsa mapepala osagula ndi buledi yemwe.

Musaganize kuti izi ndi za ife nkhalamba zokha. Ana athu akuphunzitsa ku Britain lero ali pa msampha womwewo, kungoti wopaka utoto. Viza yao ili m'manja mwa sukulu imene inawalemba. Ntchito ikatha amapatsidwa masiku 60 kuti apeze ina kapena anyamuke. Akapirira mpaka kulandira chilolezo chokhazikika, chimafa akakhala kunja kwa dzikolo zaka ziwiri. Penshoni ya boma la Britain imafuna zaka zosachepera 10 zosonkha, ndipo ukabwera kudzaidyera ku Malawi imaima pomwepo, siikweranso chaka ndi chaka monga ichitira kwa wokhala ku London, chifukwa maiko awiriwa alibe pangano pa nkhaniyi. Ndiye mwana wako asankhe: kufera m'chisanu ndi penshoni yokwera, kapena kubwera ku Ntcheu ndi penshoni youma. Kenaka tizidabwa kuti bwanji sakubwera kudzatukula dziko!

Chimene chimandiwawa koposa ndi cha kuno kwathu. Titavotera nyali pa 14 June 1993, boma linalengeza chikhululukiro kwa onse amene anali kunja. Kukhululukidwa chiyani, sindidziwa mpaka lero, koma tinavomera. Nditabwera ndinapita ku ofesi ina kukafunsa za zaka zanga 11 zija. Kamnyamata kena, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, kanatsegula fayilo n'kundiuza kuti, "Bambo, apa analemba kuti munathawa ntchito, ndiye palibe chanu." Chikhululukiro chinafika pa bwalo la ndege koma m'kabati ya mafayilo sichinalowe. Bwalo la chipepeso la National Compensation Tribunal linatsekedwa mu 2004 anthu zikwizikwi asanalandire kanthu, ndipo mu 2017 ofesi ya Ombudsman inatulutsa lipoti lokumbutsa boma za mabala amenewa. Azibambo a ku Theba nawo akhala zaka zosawerengeka akulondola ndalama zao za kumigodi. Zikuoneka kuti dziko lino limakonda Mmalawi wa kunja pamene akutumiza ndalama pokha.

Sitikupempha zachifundo. Mu 2020 nduna za ntchito za maiko a SADC zinagwirizana mfundo zoti zimene munthu wasonkha m'dziko lina zizimutsatira kwao. Aphungu athu aimirire m'Nyumba ya Malamulo afunse kuti mfundozo zafika pati, ndipo yankho lisindikizidwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti tonse timve. Akazembe athu ku Pretoria ndi ku London asamangotiitana pa 6 July kudzadya nsima. Akambirane ndi eni maikowo za penshoni za anthu athu. Ndipo mau akuti "anathawa ntchito" afafanizidwe m'fayilo ya mphunzitsi aliyense amene anachoka nthawi ya chipani chimodzi, zaka zake ziwerengedwe, alandire chake ali moyo.

Nambala ya fayilo yanga ndimaidziwa pamtima. Lolemba ndikwera basi ya m'mawa kupitanso ku ofesi ija, ndipo bambo a suti aja ngati akufuna, mpando wa pambali panga ndiwasungira.