Madandaulo a Osewera Magemu a Pafoni: Wotchi Isamaime Tikatseka Gemu

Kwa inu akatswiri olemba magemu a pafoni,

Ife amene timasewera magemu anu m'minibasi, pamzere komanso madzulo tikaweruka, tabwera ndi madandaulo atatu. Onse akukhudza wotchi ya m'gemu, ija imatiuza kuti mbewu zikhwima pakatha maola anayi kapena kuti moyo wina ubwera pakatha mphindi 30.

Choyamba, wotchiyo imaima tikangotseka gemu. Mumatiuza kuti tidikire maola anayi, ife n'kukagwira ntchito zathu. Pobwerako timapeza nthawi ili pomwe tinaisiya. Gwero lake tikulidziwa. Ambiri a inu mumachotsera nthawi pang'onopang'ono pa chithunzi chilichonse chooneka pa sikirini, monga amachitira ena ndi Time.deltaTime mu pulogalamu yopangira magemu ya Unity. Gemu ikatsekedwa, kuchotserako kumaimanso. Foni siilakwa. Android 6.0 ya mu 2015 inabweretsa Doze, yomwe imagonetsa mapulogalamu foni ikangokhala osagwiritsidwa ntchito. Android 8.0 ya mu 2017 inakhwimitsanso malire a zoyenda kumbuyo, ndipo iPhone nayo imaimitsa pulogalamu imene mwini wake watulukamo. Zonsezi n'zoteteza batire. Choncho kukakamiza gemu kuti iziyendabe mobisa n'kungotithera moto wa foni, umene ena a ife timatchaja molipira pamsika.

Wotchi imeneyi siifunika kuyenda n'komwe. Mayi woviika chinangwa sachezera kumtsinje n'kumawerenga maola. Amasunga m'mutu tsiku limene anaviika, ndipo akabwerera amadziwa ngati chavunda. Inunso lembani nthawi imene kudikira kudzathe, ndipo tikatsegula gemu muiyerekeze ndi nthawi ya panopo.

Chachiwiri, mumasunga nthawiyo mochedwa. Ena mumadikira kuti gemu itsekedwe bwinobwino kenako musunge, pomwe pafoni OnApplicationQuit, yomwe imadziwitsa gemu kuti ikutsekedwa, siyodalirika. Mafoni athu ambiri ali ndi memore yochepa, ndiye amapha gemu mosachenjeza tikangotsegula WhatsApp. Magetsi akazima tsiku lonse, foni imatha moto pakati pa masewera. Zikatero wotchi imayambiranso pachiyambi, ndipo kudikira kwathu konse kumapita pachabe. Enanso mumasunga nthawi ya kumene munthu ali m'malo mwa UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi. Wochoka ku Lilongwe kupita ku Nairobi amapeza ola lasintha. Abale athu a ku Britain amaziona kawiri pachaka, mu Malichi ndi mu Okutobala, mawotchi akasunthidwa. Chikhalirecho makompyuta ali ndi kawerengedwe kawo ka Unix, ka masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, komwe sikasintha ndi dziko.

Chachitatu ndiye chimatipweteka koposa: mumatilanga chifukwa cha achinyengo. Sitikukana kuti alipo. Mu Candy Crush Saga, yomwe inatuluka mu 2012, wosewera amakhala ndi miyoyo isanu, ndipo ukatha umodzi umabwerera pakatha mphindi 30. Anthu anatulukira zokankhira wotchi ya foni kutsogolo kuti miyoyo idzaze msanga. Pofuna kutseka mpata wotere, ena a inu mwalamula kuti gemu isatseguke popanda intaneti. Pa Clash of Clans n'zomveka, poti osewera amamenyana okhaokha ndipo seva iyenera kuweruza. Nanga gemu imene munthu amasewera yekha ifuniranji bandulo? Kumene netiweki imavuta, ndiye kuti gemu tinaika pafoni ija ndi yongodzaza malo. Palinso ena amene wotchi ya foni yawo inasokonekera yokha. Akaikonza, gemu imawayesa akuba n'kuwapatsa masiku ambirimbiri odikira.

Njira ina ilipo. Android ili ndi elapsedRealtime, yomwe imawerenga nthawi kuyambira pamene foni inayatsidwa, ngakhale ili mtulo, ndipo siisintha munthu akakankha wotchi. Imayambiranso foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwa, koma ikaphatikizidwa ndi nthawi ya pa seva imene munasunga komaliza, imagwira chinyengo chambiri popanda kutitsekera kunja.

Tikupempha izi:

1. Sungani nthawi yothera mu UTC pomwepo wotchi ikangoyamba, ndipo musungenso wosewera akangotuluka m'gemu.
2. Funsani seva intaneti ikapezeka, koma ikasowa tiloleni tisewere.
3. Nthawi ikaoneka kuti yabwerera m'mbuyo, kudikira kusapitirire mlingo umene munalonjeza poyamba.
4. Musanatulutse gemu, iyeseni pa foni yotsika mtengo: muizimitse mwadzidzidzi, musinthe dera la nthawi, muchotse intaneti.

Kudikira sitikukukana, poti ndi mbali ya masewera ndipo tikudziwa kuti inunso mumadyera pomwepo. Koma mukati maola anayi, mwapangana nafe. Ife timasunga mbali yathu, inunso sungani yanu.

Ndife,
Osewera magemu anu